Sizinali Mphini

Chaka chimene ndinalephera mayeso a Folomu 4, kwathu kwa Nazombe palibe amene anandikalipira. Bola akanandikalipira. Bambo, omwe anali mkulu wa mpingo, anangoti, "Mulungu akudziwa," n'kunyamula khasu. Anzanga omwe anakhoza ankandipatsa moni ngati wapamaliro. Ine m'chifuwa munadzaza chinthu cholemera chimene sindinkadziwa dzina lake, ndipo ndinayamba kudzivulaza pamkono. Ndinkafuna chinthucho chikhale chete, koma chinkangobwerera chitakula. Ndinkavala malaya a manja aatali ngakhale dzuwa liswe mtengo.

Zinaululika nthawi yookera mpunga kudambo. Amayi anatopa kuona manja a malaya anga akuviikidwa m'matope.

"Pinda malayawo iwe, sopo sitikumba pansi," anatero, ndipo anakwinya okha dzanja limodzi la malayawo. Anayang'ana mkono wanga, mbande zili m'manja. "Wakatemera kwa ndani?"

Iwo anaona mphini. Anaganiza kuti ndinapita kwa sing'anga kukafuna mankhwala okhozera mayeso obwereza. Ine ndinawasiya aganize choncho, ndipo kunena zoona ndinapumako. Mtsikana wopita kwa sing'anga aliyense amamumvetsa, amamunena n'kumusiya. Nanga wodzivulaza yekha angamuike pati? Bambo anasiya kudya bwino, poganizira kuti mwana wa mkulu wa mpingo akakhala pabwalo la akulu anzawo. Pakhomo ponse pankakambidwa za sing'anga amene kunalibe, pamene ine zinthu zinkaipiraipira.

Makolo anga anaitanitsa azakhali anga, mlongo wawo wa bambo, kuti adzandifinye mpaka nditchule dzina. Azakhaliwo ankagula nandolo pa Chiringa, ankapalasa njinga yachimuna, ndipo pakamwa pawo panalibe chotsekera. Mphini anali nazo zenizeni, pachifuwa ndi pamsana, zimene anawatemera ali mwana wodwaladwala. Anandigwira mkono n'kuutembenuza ngati akuona nsomba pamsika. Kenako anausiya pang'onopang'ono.

"Achimwene, ndibwerekeni mwanayu," anatero. "Nkhaniyi ndiitha ndine."

Anandikweza pakaliyala. Titapitirira midzi ingapo anaima pansi pa mtengo wa mango, n'kutsamiritsa njinga. Anayamba m'Chilomwe, monga ankachitira zinthu zikafika povuta, kenako anabwerera m'Chichewa.

"Makolo ako apemphera kwambiri mpaka aiwala mmene mphini zimaonekera. Mphini zimakhala zazifupi, zondondozana, zakuda ndi mankhwala. Izi si mphini. Wakhala ukudzipweteka wekha?"

Ndinavomera ndi mutu. Ndinadikira kuti anditche wamisala, kapena andiuze kuti ena akuvutika kuposa ine.

"Ukufuna kufa?"

"Ayi, azakhali. Koma nthawi zina ndimaopa kuti ndidzafika pamenepo."

"Wachita bwino kunena." Anakhala pansi pafupi nane. "Ine za nandolo ndimazidziwa, izi sindizidziwa. Tiye kwa ozidziwa."

Ndinalira mpaka mamina, anthu akudutsa ndi mitolo yawo pamsewu. Azakhali anawayang'ana ndi diso lija loti aliyense aone zake.

Kuchipatala chaching'ono tinapeza anesi a kumpoto, amene Chichewa chawo chinali chokhota kuposa chathu. Anatseka chitseko. Anatsuka pamene panali pasanapole, osakwinya nkhope, ndipo anandifunsa kuti chinthucho chimabwera nthawi yanji, chimayamba bwanji, ndi ndani amene ndingamuuze chikayamba. Anati si ine woyamba kukhala pampando umenewo ndi nkhani yotere, ndipo anthu amachira. Mawu amenewo anandimasula kuposa china chilichonse. Ine ndinkadziyesa chilombo cha boma lonse la Phalombe, osadziwa kuti ndi vuto lodziwika, lokhala ndi thandizo lake. Anandiuza kuti ndizibwera tizicheza, ndipo anandilumikiza ndi mlangizi amene ankafika pachipatalapo masiku ena.

Chovuta chinatsala kunyumba. Azakhali anakana kundinenera. Anati adzakhala pambali panga, koma pakamwa pakhale panga. Ndinanena tsiku lomwelo, pakhonde, dzuwa lisanalowe. Bambo anavula chipewa n'kumachitembenuza m'manja. Ndinaona nkhope yawo ikuyamba kumasuka pomva kuti za sing'anga palibe, kenako ikugwa atamvetsa chimene chinalipo.

"Ine ndimada nkhawa ndi mpando wa kutchalitchi," anatero, "mwana wanga akupsa m'nyumba mwanga momwe."

Amayi sanalire pamaso panga. Anangoti, "Chikakubwerera undiitane. Kaya ndili kumunda, kaya ndili pakati pa nyimbo, undiitane."

Sindinachire ngati malungo. Ndinapita kwa mlangizi miyezi yambiri, bambo akundipalasa okha n'kumadikira panja ngati oyendetsa kabaza. Masiku ena ndinkabwerera m'mbuyo, n'kukanena, n'kuyambanso. Ndinaphunzira kuzindikira chinthucho chikadali kutali, kutuluka m'nyumba, kukhala pomwe pali anthu. Koma kuitana munthu kunkandikanika. Ndinkaona ngati ndikuvutitsa, ngati mawu a amayi aja anali ongonena pofuna kunditonthoza.

Tsiku lina m'mawa chinandigwira ndili ndekha pakhomo, champhamvu ngati kale. Amayi anali kuseri kwa mudzi, akupalira chimanga ndi amayi anzawo. Ndinayenda mpaka m'mphepete mwa munda, n'kuima. Mawu anatuluka aang'ono, moti ndinkayesa kuti samveka.

"Amayi."

Anaweramuka, anandiyang'ana kamodzi, n'kusiya khasu lili chiimire pakati pa mzere. Anzawo anafunsa kuti kwagwanji.

"Palibe," anatero amayi akupukuta manja pachitenje. "Mwana wanga wandiitana."