Wolawa Vinyo Wosalavula

Akalipentala anali asanakwerepo ndege. Moyo wawo wonse unali wa sowo, misomali ndi utuchi, ndipo mowa sanaudziwe kukoma kwake. Anakwera chifukwa mpongozi wawo analira pa foni. Mwana wawo yekhayo, amene ankagwira ntchito kumunda wa mphesa kunja kwa dziko, ankatha ndi chakumwa.

"Bwerani mudzawatenge, bambo. Ine ndalephera."

Mwanayo anawalandira ndi chimwemwe, lamba atamuboola chibowo chatsopano chifukwa cha kuwonda. M'mawa anawatengera kumunda. Antchito ankadula matsango a mphesa zosapsa n'kumataya pansi.

"Akuwonongeranji chakudya?"

"Mtengo ukabereka kwambiri vinyo amasukuluka, bambo. Zotsalazo ndiye zimakoma."

Anawaonetsa makina ofinyira, ndi matanki momwe madzi a mphesa amawira okha popanda moto. Kenako anatsikira m'chipinda chapansi, chozizira, chodzaza migolo yamatabwa. Akalipentala anasisita mgolo umodzi, kufuna pamene matabwa akumana. Sanapapeze. Anagwedeza mutu movomereza.

Ntchito ya mwanayo inali kutunga vinyo pang'ono mumgolo uliwonse n'kulawa limodzi ndi kapitawo wake. Kapitawoyo ananunkhiza, anachukucha m'kamwa, n'kulavulira m'ndowa.

"Kuno timalavula, madala," anatero akuseka. "Womeza timamunyamula pawilibala."

Akalipentala sanaseke. Maso awo anali pakhosi pa mwana wawo. Mnyamatayo ankawerama pandowa ngati mnzake, koma kholingo linkakwera n'kutsika, ndipo m'ndowamo munkagwa malovu okha. Anatero mgolo ndi mgolo mpaka kumapeto kwa mzere.

Atatuluka panja anamugwira mkono.

"Tiye kwathu. Benchi yako ilipobe kushedi."

"Tikakolola ndibwera."

"Ndakuona ukumeza."

"Ndi ntchito, bambo. Kulawa basi."

"Tambasula dzanja."

Analitambasula. Linkanjenjemera ngati la nkhalamba. Analibweza msanga m'thumba.

"Kuno kukuzizira," anatero, ali padzuwa.

Akalipentala anayesanso mawa lake, ndi mkuja. Anakalipa, anapempha, zomwe sanachitepo kwa munthu. Mwanayo ankangoyankha za kukolola.

Tsiku lonyamuka anapeza mpongozi wawo akutsuka matambula kukhitchini, diso lina litatupa ndi chibakera. Mwamuna wake anali atapita kale kumigolo.

"Avomera, bambo?"

"Ayi. Longedzani zanu, mayi. Amene ndingathe kumutenga ndinu."