Mphero ya m'munda wa a Zakiya

M'dera la Chiuta, kutsidya kwa malire a Malawi, munthu akafuna kudziwa pomwe panali nyumba ya makolo ake nkhondo isanabalalitse anthu, amamulozera kwa a Sitefano. Ndi bambo wamfupi, wokonza njinga pansi pa mtengo pafupi ndi posito, ofesi ya boma ya m'deralo, koma chomwe adatchuka nacho n'kupeza mabwinja.

Bwinja ndi pomwe padali mudzi, eni ake n'kuchokapo. A Sitefano salola kuti mawuwa azitchulidwa mwachisawawa. Munda wogonera si bwinja, msasa wosiyidwa ndi asodzi si bwinjanso. Bwinja, amatero iwo, ndi pomwe anthu adakwirirapo michombo ya ana ndi kulirapo maliro, ndipo pamalo otere sutolapo ngakhale phale mwini wake asanalione.

Lusoli adalitola poyenda ndi anthu obwerera kuchokera ku Malawi, tchire litameza midzi yonse. Akaona bonongwe ndi nsatsi zitamera mothinana amadziwa kuti pamenepo padali dzala. Akapalasa n'kupeza mafuwa atatu akuda, basi khitchini yapezeka, ndipo wina ayamba kulira, wina kululutira. Malipiro awo ndi nkhuku, nthawi zina zikomo chabe, zomwe akazi awo, a Margarida, sanazikhululukirebe.

Koma wometa anzake sadzimeta yekha. A Sitefano adathawa ali pamsana pa mayi awo, a Rabeca, omwe adamwalira ku Malawi komweko mwanayo asanadziwe kufunsa za kumudzi. Ana awo akafunsa kuti kwa agogo n'kuti, bamboyo ankangoloza chakunyanja ndi mlomo. Zinkawawawa kwambiri, ngakhale pagulu ankaseka nawo akamawanena.

Chaka chatha, a Zakiya a m'mudzi wa asodzi ankaunda mizere ya chinangwa pamalo atsopano, khasu n'kugunda mwala. Inali mphero yoperera mapira. Mwa mwambo sadaisunthe, adatumiza uthenga kwa a Sitefano.

Atafika, mkuluyo adaipukuta dothi n'kuona kuti idatha mopendekera, mbali imodzi yokumbika kuposa inzake. Adagwada ngati wopera, ndipo adazindikira kuti mwini wake ankakankha ndi dzanja lamanzere. Za mayi awo ankakumbukira zochepa, koma dzanja lomwe linkawatsina khutu sadaliiwale, lidali lamanzere.

Sadafune kudzinamiza, poti amanzere ndi ambiri. Adapempha kuti aitane a Bwanausi, bambo a Zakiya, nkhalamba yomwe idakhala kunyanjako kuyambira kale. Idabwera pang'onopang'ono ndi ndodo, ndipo a Sitefano adangofunsa kuti pano pankakhala ndani.

"Apa? Padali mayi wina wa kutchalitchi, wamanzere. Tinkamupatsa nsomba, iye n'kutipatsa ufa wa mapira. Rabeca. Adali ndi kamwana kolira ngati mbuzi, sitinkapuma nako."

"Kamwanako ndine, bambo," adatero a Sitefano.

A Sitefanowo adaseka mpaka misozi, kenaka misoziyo idapitirira yokha. A Bwanausi adawayang'anitsitsa n'kunena kuti zoonadi, kuliraku sikunasinthe.

A Zakiya okha ndiwo adada nkhawa, poganiza kuti munda wapita. A Sitefano adawauza kuti alime ndithu, chinangwa sichilakwira bwinja. Mpheronso adakana kuinyamula, ngakhale a Margarida adali atakonza kale malo pakhonde. Adati ikachoka pamenepo, bwinjalo lisanduka munda wamba.

Lamlungu lotsatira adabwera ndi ana onse asanu, panjinga ziwiri zokha, atapanikizana ngati matumba a makala. Adawaimika mozungulira mwalawo, pakati pa mizere ya eni ake, n'kuvula chipewa.

"Mwakhala mukundifunsa," adatero. "Kwathu ndi pano."