Chipilala cha pathanthwe lathu

Anabwera pa galimoto ya boma chaka chimene mwamuna wanga anayamba kutsokomola. Anali atatu, koma wolankhula anali mayi wina wovala nsapato zachimuna. Ankafuna thanthwe la kuseri kwa nyumba yathu ku Bundabunda, pamene ndinkayanika mphale.

"Amai, tifuna kumanga chipilala apa," anatero. "Pamwamba tizaika kambale kokamba na masetilaiti. Dziko iyenda pang'onopang'ono, monga mwamene chikulira chikhadabo. Tifuna tiziipima."

Ndinaseka mpaka misozi. Dziko kuyenda! Likupita kuti, ku Lusaka kukafuna ntchito? Koma mwamuna wanga anandikokera pambali.

"Vomera, iwe. Iyo ni bikoni, mwala wa malire. Boma ikaika simenti pamalo pako, kulibe wokuchosa."

Malo athu anali a makolo, opanda pepala, ndipo anthu a ku Lusaka anali atayamba kale kugula mapuloti kuchokera ku Chongwe kubwera kuno. Tinkagona ndi mantha amenewo. Mayi uja anatimva, ndipo ananena mosabisa kuti chipilalacho si cha malire. Ife tinangogwedeza mitu. Tinkati a boma sanena zonse.

Ndiye ndinachisamala chinthucho kuposa khonde langa. Ndinkalambula udzu moto wolusa usanafike, kupukuta sola yake ndi chitenje, kugenda mbuzi. Mphale ndinkayanika pamasaka. Anzanga a kutchalitchi ankandiseka kuti ndabereka mwana wa simenti. Asekeni, ndinkatero mumtima, ine malo anga ali ndi chidindo.

Mwamuna wanga atamwalira, alamu anga aakulu sanadikire n'komwe kuti udzu umere pamanda. Anagulitsa malo athu. Kunabwera anyamata ndi mabikoni enieni, tating'onoting'ono, n'kuwakwirira m'munda wa chimanga changa. Anandiuza kuti ndikakolola ndichoke. Ndinawatengera kuchipilala ndili ndi chidaliro chonse, kuti aone okha. Mmodzi anachigogoda ndi chala, n'kufunsa ngati chimagwira wailesi.

Mayi uja anabwera kudzasintha mabatire ndisanasamuke. Ndinamugwira dzanja.

"Amai, makina yanu yankhala pano zaka zonse izi. Yauzeni yakambe kuti ise tenze pano."

Anatsegula kompyuta pamwendo n'kundionetsa timadontho tambirimbiri tokwera mondondozana.

"Iyi ni thanthwe yanu. Siku iliyonse kadontho. Iyenda chakumpoto chakum'mawa, pamozi na dziko yonse."

"Nanga ise tili pati?"

Anatseka kompyuta ija. Kenako anati, "Iona chabe mwala, amai. Anthu siiona."

Ndinakwiya, ndipo mpaka lero ndikadali wokwiya, ngakhale sindidziwa kuti ndikwiyire ndani. Iye sananame. Anati akalankhula ku maofesi, mwina analankhuladi. Chinthu chotha kumva mwala ukusuntha pang'ono ngati chikhadabo, sichinamve banja lathunthu likunyamula mphasa ndi mapoto!

Tsopano ndimachita lendi kachipinda ku Chongwe, ndimagulitsa tomato pamsika. Mwezi watha ndinakwera minibasi kukaona. Nyumba kulibe, mango anadula. Wogula uja anamanga mpanda wa njerwa, koma pofika pathanthwe mpandawo unakhota, kuchilambalala chipilala, chifukwa icho pepala lake chili nalo.

Udzu unali utauma mochizungulira, ndipo mphepo inali ya moto. Ndisanaganize n'komwe, ndinali nditagwada kale ndikuzula. Mlonda anatulukira pageti.

"Amai, ndimwe a boma?"

"Iyai."

"Nanga ndimwe ndani pano?"

Ndinayang'ana kambale kaja, kali pee, kakulankhula ndi kumwamba. Udzu unali m'manja mwanga; ndinauponya pambali n'kupitiriza kuzula.