Amayi asesa bizinesi yanga

Abale, mwaswera bwanji. Ine kuno mtima suli m'malo.

Mukudziwa kuti ndinapempha thandizo la boma lija la anthu opanga zinthu kuchokera ku zinyalala. Lero ndiye tsiku limene a ku ofesi amabwera kuno ku Nakoli kudzaona mulu wanga wa mabotolo ndi mapulasitiki, aja ndimasungunula n'kuumba matailosi a pabwalo.

M'mawa ndinapita ku tauni kukatenga a ku ofesiwo. Pofika pageti, yadi yonse mbee! Ngakhale chitsekerero cha botolo palibe. Amayi aima pakhomo, atchena chitenje cha kutchalitchi, akumwetulira.

Ndawakokera pambali kufunsa katundu wanga. Akuti, "Ndaitana anyamata a wilibala akataya kudzala. Nthawi imene atate ako ankagwira ntchito ku mgodi, bwana akapeza yadi yauve, atate akowo ankaitanidwa ku ofesi. Manje alendo a boma aone zonyansa pakhomo panga?"

Mgodi umenewo unatsekedwa ine ndili kumsana!

Alendowo ayang'ana uku ndi uku, mmodzi n'kufunsa mwaulemu ngati bizinesiyo ilipodi. Amayi awapatsa tiyi. Ponyamuka ati abweranso Lachisanu, komaliza.

Ndathamangira kudzala, ndapeza anzanga otola zinyalala atagawana kale zonse.

Manje ndichite bwanji? Ba Yohane, simungandisonkhanitsireko mabotolo kwanu ku Kamushanga? Nanga ndani alankhule ndi amayi? Ine ndikayamba ndilira. Chonde fulumirani, chifukwa amva zoti alendo abweranso, ndipo agula kale tsache latsopano.