Njira Imene Achimwene Anakumba

Achimwene anga a Hosaka Tokuji anagula njinga imvi zili mbuu mutu wonse. Anzawo akapuma pa ntchito amagula mpando wabwino wokhalira pakhonde, koma iwo atangosiya kugawa makalata anatsikira ku Kofu n'kubwerako ndi chinjinga cha matayala onenepa okhala ndi mano, chija amatsetserekera nacho m'mapiri.

"Achimwene, moyo wanu wonse mwakhala mukukwera ndi kutsika mapiri ano ndi makalata a eni ake. Simunatope?" ndinawafunsa.

"Nthawi imeneyo ndinkapita kumene envulopu yandituma. Tsopano ndizipita kumene ndafuna ine."

"Mudzathyoka khosi."

"Ndikathyoka udzandimwetsa phala, iwe Fumie. Nanga ntchito yako n'chiyani?"

Ndi mmene analili. Sanakwatire, sankasuta, ndipo chimene achiika mumtima sunkawachotsa ngakhale uwakalipire mpaka mawu kutha. Chimene anachiika mumtima nthawi imeneyi chinali njira yakale ya owotcha makala, imene bambo athu ankatsika nayo atasenza matumba. Inkayambira pamsana pa phiri, kudutsa m'nkhalango, kutsetsereka m'mbali mwa minda ya mphesa, kukhota pakati pa nyumba zakale zofolera udzu za mudzi wathu wa Tsutazawa, n'kudzathera pamene timafinyira vinyo. Nsungwi ndi minga zinali zitaimeza kalekale. Achimwene anati aitsegula kuti anthu aziyendapo pa njinga.

Chigawo chapakati cha nkhalangoyo chinali cha Furuya Genzo. Musadabwe kuti sindikumutchula mwaulemu. Ndinasiya, ndipo sindidzayambiranso.

Genzo ndi achimwene anayambira limodzi sukulu, ndipo anali a mujini umodzi. Kwathu kuno mwamuna wopanda mujini ali ngati wamasiye. Anthu akagwirizana ali anyamata kuti azidya ndi kumwa pamodzi mwezi ndi mwezi, amatero mpaka imfa iwalekanitse. Gulu la achimwene linkakumana m'kanyumba kanga kodyera. Ine ndinkawaphikira hoto, chakudya chathu cha msuzi wa maungu, iwo n'kumathirana vinyo wa m'mabotolo aataliatali m'timakapu ta tiyi. Choncho tsiku limene achimwene anapempha njira ndinalipo, nditanyamula mphika.

"Nkhalango imeneyo? Tenga, Toku!" anatero Genzo, nkhope ili psuu ndi vinyo. "Muli nguluwe zokhazokha. Kumba mpaka ukatulukire ku Tokyo."

"Ndikunena zoona, Gen."

"Inenso ndikunena zoona, nkhalamba yopenga iwe. Bola ukagwa usadzanditume kukakutola. Bweretsa kapuyo."

Anamwa, anzawo n'kuwomba m'manja, nkhani n'kutha.

Achimwene anayamba okha ndi khasu, piki ndi chikwanje. Kenaka anapeza mnzawo, mayi Natori, amene amakonza njinga ku Kofu. Mayiwa ankabwera Loweruka ndi anzawo okwera njinga kudzathandiza kunyamula miyala. Tsiku lina anabwera ndi pepala n'kuliyala patebulo langa.

"Bambo Hosaka, kwina konse kumene tatsegula njira, mwini malo amadinda apa. Tiwapemphe a Furuya adinde, tikhale mtima m'malo."

Achimwene analikankha pepalalo ndi chala chimodzi ngati lili ndi matope.

"Mayi, chidindo timapempha kwa munthu amene sitikumudziwa. Ndikapita ndi ichi kwa Genzo ndiye kuti ndamutcha wabodza pamaso. Mawu anandipatsa pa mujini, anthu akumva. Pepala lingapose zimenezo?"

Mayi Natori anapinda pepala lawo. Munthu aliyense wobadwira kuno akanayankha monga anayankhira achimwene.

Zaka zimene zinatsatira ndinkawaona achimwene chakumadzulo kokha, atadetsedwa ngati mbatata yongokumbidwa kumene. Anayala miyala m'malo oterera, anakumba timingalande kuti madzi asamayende m'njira, anamanga timilatho ta mitengo. Anthu a m'mudzi poyamba sankafuna kumva za njinga, ati alendo aziba mphesa ndi kugunda nkhalamba. Achimwene anayenda khomo ndi khomo akuwerama, monga ankayendera ndi makalata. Analonjeza kuti nthawi yokolola njira izitsekedwa, kuti fumbi lisatere pa mphesa. Pa tsiku la ntchito ya mudzi yolambula misewu anabwera ndi anthu awo a njinga, ndipo anatchetcha udzu kuposa ana athu enieni.

Pang'onopang'ono mudzi unadzuka. Nyumba ziwiri zakale zimene zinkangodikira kugwa zinayamba kugona alendo. Ana a m'tauni ankatsika phiri akukuwa ndi chimwemwe, n'kudzakhala m'kanyumba kanga miyendo ili matope okhaokha, kufunsa kuti vinyo wotere timamubisiranji. Onse njirayo ankaitcha njira ya a Tokuji. Achimwene ankanamizira kukwiya nalo dzinalo, koma ine ndinkaona makutu awo akufiira.

M'zaka zonsezi Genzo sanapondeko kumtundako ngakhale kamodzi. N'chifukwa chake achimwene anabwera akumwetulira ngati mwana tsiku limene iye anawaimitsa pamsewu n'kunena kuti, "Toku, bwanji njirayi chakumunsiku uikulitseko pang'ono mpaka m'nkhalango mwanga? Kagalimoto kanga kakamakwera ndizikunyamulira miyala. Msana wakowo si wa mnyamata."

"Wamva, Fumie? Gen wayamba kuikonda njirayi," anandiuza. "Ndinkadziwa kuti tsiku lina imugwira mtima."

Nyengo yozizira yonse anathera pa ntchito imeneyo, zala zitachita ming'alu. Chisanu chitatha, kagalimoto kanakweradi, koma munalibe miyala. Munali amuna atatu a zipewa zolimba, atanyamula zoyezera malo. Genzo anati ndi anthu oona za mitengo yodwala, imene ikuuma ndi tizilombo. Achimwene anawatsogolera okha, kuwasonyeza pamene pali kasupe ndi pamene nthaka ili yolimba. Chakudya chawo chamasana ndinamanga ndine.

Nthawi yokolola itafika, njira inatsekedwa monga mwa pangano. Kumtunda kunayamba kulira macheka a injini kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Aliyense amene achimwene anamufunsa anati akudula mitengo yodwala ija. Iwo analibe mpata wokwera kukaona, chifukwa chaka chimenecho mawondo a Genzo anatupa, ndiye achimwene ankamuthyolera mphesa, khosi lili chagada pansi pa thandala la mphesa tsiku lonse.

Kukolola kutatha, tsiku lotsegula njira linafika. Kunabwera anthu a njinga ambiri kuposa kale lonse. Anakwera m'mawa, achimwene ali patsogolo, ine n'kutsala ndikuwiritsa madzi. Sipanapite nthawi, ndinawaona akutsika akukankha njinga. Mayi Natori ndi amene anandiuza. Pakati pa phiri panalibenso nkhalango. Panali zitsa, dothi lofiira, ndi mpanda wa waya wautali kuposa munthu, wodula njira pakati penipeni. Pa mpandapo panali chikwangwani cha kampani ina ya magetsi a dzuwa.

Achimwene sanapite kwa Genzo tsiku limenelo kapena lotsatira. Anadikira mujini, ati nkhani inayambira pamenepo. Madzulo ake onse anabwera, kukhala m'malo awo, kuthirana vinyo. Ine ndinaima pakhomo la kukhitchini, ndipo sindinabise kuti ndikumvetsera.

"Gen, ndinakwera kumtunda," anatero achimwene.

Genzo anayang'ana m'kapu mwake. "Ndimati ndikuuze, Toku. Mpata unkasowa."

"Timakumana mwezi uliwonse."

"Ukudziwa mwana wanga sakufuna za mphesa. Mawondo angawa atha. Nkhalango imeneyo inkandipatsa chiyani? Anthu a kampani aja anabwera kale, koma anakana kugula, ati galimoto singafikeko."

"Ndiye unandiuza kuti ndikulitse."

Genzo anapukuta pakamwa, ndipo m'malo mogwada, munthu wopanda manyaziyo anakweza mutu.

"Koma Toku, tinene zoona. Panalibe pepala."

Achimwene anatembenukira kwa enawo, anthu amene anakula nawo, n'kuwayang'ana mmodzimmodzi.

"Inu munkadziwa?"

Palibe amene anadzutsa maso. Kenaka wamkulu wa gululo anang'ung'udza kuti, "Tinamva chaka chatha. Koma nkhani zotere pa mujini siziyankhulidwa, Toku. Tinkaopa kuwononga gulu. Tinkati mwina zilephereka zokha."

Apa mtima wanga unaphulika. Chaka chathunthu anthu awa ankadya za m'manja mwanga, kuseka ndi achimwene, kuwafunsa mmene ntchito ikuyendera kumtunda, akudziwa kuti akukumbira msewu odzawagwetsera nkhalango.

"Tulukani!" ndinakuwa. "Nonsenu! Nkhalamba zopanda nkhope inu, mwadyera achimwene masuku pamutu, lero mukuti munkasunga gulu? Gulu lake liti?"

"Fumie, alendo sathamangitsidwa chakudya chili pamoto," anatero achimwene motsitsa mawu. "Apatse adye."

Anaimirira, kuwerama pang'ono monga amachitira munthu kwa anthu osawadziwa, n'kutuluka. Chakudyacho sindinawapatse. Ndinakakhuthulira mphika wonse kuseri kwa nyumba iwo akuona.

Ndinkaganiza kuti zoipa zathera pomwepo, koma mvula ya chaka chotsatira inandionetsa zina. Phiri lopanda mitengo silisunga madzi. Madzi onse ochokera pa magalasi okola dzuwa amene kampani ija inayala kumtundako anapeza chigawo chokulitsidwa chija n'kuchisandutsa mtsinje. Matope anatsika mpaka m'minda ya mphesa, ena n'kulowa m'nyumba ina yakale. Mudzi unaitanitsa msonkhano. Anthu anayankhula nthawi yaitali za njira ya a Tokuji, kuti ndi imene yabweretsa madzi. Za phiri lometedwa palibe anatchula, poti a kwa Furuya ndi banja lakale m'mudzi muno, komanso kampaniyo inali itapereka mphatso pa chikondwerero cha kukachisi. Ine nditaimirira kuti ndinene, anandiuza kuti nyumba iliyonse imayankhula ndi pakamwa pamodzi, ndipo pakamwa pa nyumba ya Hosaka ndi achimwene. Genzo anali pompo, atapinda manja.

Anagamula kuti amene anakumba njira ndiye aikwirire. Achimwene anawerama n'kupepesa mudzi wonse chifukwa cha matope.

Mayi Natori anafuna kupita nayo nkhaniyo kwa akuluakulu a boma, achimwene anakana. Anafuna kubwera ndi anzawo kudzathandiza kukwirira, anakananso. Anati manja amene anathandiza kumanga asagwire ntchito imeneyi. Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse ankakwera wapansi ndi piki. Ankazula miyala imene anayala okha, kugwetsa timilatho, kupingasa mitengo, kubzala nsungwi pamene anazizula. Ankagwira mosamala ngati mmene anamangira, ndipo zimenezo ndi zimene zinkandiwawa koposa.

Tsiku lina ndinawapititsira chakudya. Ndinawapeza pamwamba pa munda womaliza, akukokera nthambi pa kachigawo kotsiriza kamene kanali kakuonekabe. Tili pomwepo panafika mwamuna ndi mkazi wake, akukankha njinga zonyezimira, akupuma wefuwefu. Kayankhulidwe kawo kanali ka kutali kumpoto.

"Pepani agogo," anatero mkaziyo, "tikufuna njira ya a Tokuji. Mnzathu anayendapo zaka zapitazo, ndipo mpaka lero sasiya kuikamba. Ati imatsika m'nkhalango n'kudzatulukira m'mphesa. Tayenda ulendo wautali kuti tidzaione. Ili chakuti?"

Mayiyo anali ataponda pa njirayo ndi mapazi onse awiri. Ine ndinatsegula pakamwa, koma achimwene anandiyang'ana, ndipo ndinatseka. Anatsamira mpini wa piki, kupukuta thukuta ndi kansalu ka m'khosi.

"Anakunamizani, ana anga," anatero. "Kuno kulibe njira."

"Nanga a Tokujiwo? Mwina angatilozere kwina."

"Ameneyo musavutike naye. Anali munthu wopusa, ankakhulupirira anzake."

Alendowo anapepesa n'kutembenuza njinga zawo. Achimwene anawayang'ana mpaka anakazimiririka m'mphesa, kenaka anawerama n'kukoka nthambi ina.