Goliyati wagonera nsalu ya azakhali

Moni nonse, kuno ku Makhuwira.

Goliyati, chigalu chija anabwera nacho amalume kuchokera ku esiteti, wagwa masana ano pafupi ndi khola la mbuzi. Lilime lonse lili panja, miyendo yakumbuyo ikukana kudzuka. Ndamukokera pamthunzi, ndamuthira madzi, n'kumuyalira nsalu yonyowa kuti agonepo.

Nsaluyo ndi ija azakhali amabisa m'sutikesi, ya nkhope ya pulezidenti wakale, yomwe ankavinira pamisonkhano nthawi ya chipani chimodzi. Zina zinalipo pachingwe, koma ine ndimafuna yokhuthala.

Azakhali ataona galu atagonera nkhope ija, sanakalipe n'komwe. Athamanga kukatseka geti, n'kubwera akunong'ona: "Iwe mwana, ukufuna atitenge tonse?" Ndati, "Atitenge ndani, azakhali?" Iwo angosuzumira kumsewu.

Alangizi a ziweto afika. Akuti agalu akuluakulu sapirira kutentha kwa kuno, tisamamumange padzuwa, ndipo tikanachedwa pang'ono akanafa.

Tsopano azakhali akufuna nsalu yawo lero lomwe. Goliyati akadali pomwepo, wayamba kumwa madzi, ndipo akulusira aliyense woyandikira. Ndiye abale, akamuuze ndani kuti adzuke? Ine ayi.