Risiti ya Mayi Makatani

"Sinawonongeke, mayi," anatero Injiniya, maso ali pa laputopu. "Ndinaikonza ndekha mwezi watha. Ikuthamanga ngati yatsopano."

"Kuthamanga ikuthamanga. Koma chiikonzereni iweyo, mwana wanga anasiya kutsegula makalata anga."

Mayi Makatani anakhala pampando wapulasitiki n'kuyamba kupinda nsalu yamaluwa imene anakulungiramo laputopuyo. Dzinali anawapatsa ndi anthu a mumsewumo, poti windo lililonse looneka bwino kumeneko linadutsa m'manja mwawo. Shopu yawo ili pamwamba pa ya Injiniya, wokonza makompyuta uja. Muli makina awiri osokera, tebulo lalitali lodulirapo nsalu, ndi wailesi yogwira siteshoni imodzi basi. Windo amaliyeza ndi maso, tepi n'kungochitira umboni. Mapini amasunga pakamwa, moti makasitomala anazolowera kuyankhidwa ndi mutu.

Mwana ali naye mmodzi, wamwamuna, ndipo ali kunja kwa dziko. Bambo ake atadwala, iye anali pakati pa mayeso omaliza. Achibale anagwirizana, monga amachitira, kuti wakutali sauzidwa za matenda, angasokonezeke. Mayiwo anavomera. Mwanayo anamva zonse maliro ataikidwa kale. Anaimba foni kamodzi, nanena mawu ochepa, kenako anasintha nambala. Inatsala ndi imelo yokha.

Choncho Lamlungu lililonse masana ankamulembera, ndi zala ziwiri: za denga lodontha, za azakhali ake amene ayamba mawigi ukalamba uno, za kasitomala wofuna makatani akuda kuchipinda kwa khanda. Yankho silinabwerepo. Koma malemu amuna awo, munthu wotokosa chilichonse chokhala ndi batani, anasiya atachonga penapake mupulogalamu ya makalatayo, ndiye kalata ikapita pankabwera kamzere kamodzi: uthenga wanu watsegulidwa. Mayiwo ankakatcha risiti. Kakafika, sabata yonseyo mipendero inkawongoka.

Tsopano marisitiwo analeka kubwera.

"Ngati mwanayo watopa nane angondiuza," anatero. "Ndisamangolankhula ndi khoma."

"Dikirani kaye, mayi." Injiniya anatsegula apa, natsegula apo, kenako anakanda kumutu. "Wolakwa ndine. Nditaika pulogalamuyi mwatsopano, kabokosi aka kanatsala kosachonga. Makalata anu akhala akupita osapempha risiti. Ndiye iye akanatumiza bwanji?"

"Kutumiza iye? Si makinawa amangonena okha munthu akatsegula?"

"Si nthawi zonse. Taonani."

Anachonga kabokosiko, nalemba mawu awiri pa laputopu ya mayiwo n'kudzitumizira yekha. Pakompyuta yake yaikulu, yodzaza fumbi, panatuluka funso. Anawawerengera pang'onopang'ono: wotumiza akufuna kudziwa ngati mwawerenga, kodi timuuze? Pansi pake panali mabatani awiri, eya ndi ayi.

"Ineyo ndimadina ayi nthawi zonse," anatero. "Makamaka akakhala alamu anga."

"N'chifukwa chake mkazi wako akuonda."

"Akuchita kufuna, mayi. Amathamanga m'mawa."

Mayi Makatani sanaseke. Anasendeza mpando pafupi n'kuyang'anitsitsa mabatani awiriwo.

"Ndiye funso ili limamupeza iyenso? Kalata iliyonse?"

"Alipo amene amaitchera kuti izingovomera yokha, sindingakunamizeni. Koma achinyamata ophunzirawa salola makina aziwaulula. Ine ndikuona kuti amadina yekha."

Mayiwo nthawi yonseyi ankaganiza kuti amamusuzumira mwanayo mobisa, ngati munthu wopatula katani ndi chala. Ankachita nazo manyazi, moti ngakhale azakhali aja sanawauzepo. Sankadziwa kuti kutsidyako munthu amafunsidwa, ali ndi mpata wokana, n'kusankha eya.

Anakwera masitepe ndi laputopu yawo, naiika patebulo lodulirapo. Silinali Lamlungu, koma analemba: "Mwanangu, makina anga anali osachonga, wolakwa ndi Injiniya. Denga lija analikonza." Anafufuta za Injiniya, kenako anazibwezera, poti n'zoona. Anatumiza n'kusiya laputopuyo yotsegula.

Panali katani la ofesi ya mano lofunika mawa lake. Anaika mapini pakamwa, naponda makina. Kumene kuli mwanayo kunali kukadali m'mawa, mwina ali m'basi, mwina akusamba. Anasoka mpendero umodzi, wachiwiri unakhota, anauphwasula. Akuyambanso, laputopu inalira kamodzi.

Anachotsa mapini pakamwa, limodzilimodzi, asanapite kukaona. Kanali kamzere komwe kaja, kopanda moni, kopanda dzina loti amayi. Anakawerenga kawiri, nabwerera kukamaliza katani la eni ake.

Poweruka anaima pasitolo yapakona. Babu la kuchipinda kwa mwanayo linapsa kalekale, ndipo iwo ankangoti lounikira ndani.

"Loyera kapena lachikasu?" anafunsa wogulitsa.

"Lowerengera bwino."

Analikulunga m'nsalu yamaluwa ija pamodzi ndi laputopu, nayenda mosamala kuti lingasweke.